Makatani Pamaso pa Apongozi

Rashida anali akumanga mpango pagalasi pamene foni inalira pamkeka. Unali uthenga wa Benedito.

"Usanyamuke. Ndikubwera pompano. Pali nkhani."

Kunatsala ola limodzi kuti mayeso ayambe, mayeso amene anawakonzekera miyezi isanu ndi umodzi. Bungwe la osoka la ku Insaca linali kuyesa ophunzira ake kusoka makatani a nsalu ziwiri, yapamwamba ndi yam'kati yomwe amaitcha foru. Wokhoza amalandira setifikadu, ndiponso amapatsidwa ntchito yosokera makatani nyumba ya alendo yatsopano ku Entre Lagos. Kwa Rashida inali nkhani yoposa pepala. Bambo ake, a Athumani, msodzi wa ku Chiuta, anali atanena poyera kuti akalephera abwerere kunyanja, za makinazo zithere pomwepo.

Belu la njinga linalira pabwalo. Benedito anatsika njinga isanaime bwino, bata yake, mkanjo woyera wa uphunzitsi, ili yomangidwa mabatani mosemphana. Anapereka moni kwa a Tabu, azakhali ake a Rashida, omwe anali kusankha mpunga pakhonde, kenako anatembenukira kwa Rashida ali wefuwefu.

"Woyesa uja wa ku Cuamba sabwera. Wadwala."

"Ndiye mayeso alephereka?"

"Ayi. Apempha munthu wina. Apempha amayi."

"Amayi ake a ndani?"

"Anga."

Rashida anakhala pansi pakhomo pomwepo. Dona Rita! Mayi amene anasoka makatani m'mahotela a m'tauni zaka makumi awiri, amene atamva kuti mwana wawo akufuna mtsikana wachisilamu wa kunyanja anangoti, "Usabwere naye pano, sindifuna n'kumuona komwe." Mtima wawo unali pa Neide, mwana wawo wa ubatizo, woimba nawo kwaya kutchalitchi.

"Basi, Dito, ndikalongedze katundu. Mawa ndili ku Chiuta."

"Tamvera kaye. Nkhope yako saidziwa. Ndipo lero kulibe mayina, aliyense apatsidwa nambala."

"Nanga Neide? Waiwala kuti nayenso akuyesedwa? Ameneyo amandidziwa mpaka chipsera cha pachala changa."

A Tabu anaika lichero pansi.

"Kodi akukayesa nkhope kapena msoko? Usiku ndi usana wandisokosera ndi makina muno, lero ufune kuthawa? Nyamuka. Inu aphunzitsi, mutengeni, ndipo mukonze mabataniwo, ana asakuseke."

Rashida anaseka ngakhale misozi inali pafupi. Anakwera pakaliyala, atagwira mpando osati chiuno cha Benedito, popeza azakhali anali kuyang'ana. Atangokhota pamsika anasuntha dzanja.

"Unditsitsire pamtengo wa mango paja. Asatione limodzi."

"Ukakhoza lero, ndikufuula msika wonse umve."

"Ukafuula ndikukana kuti sindikudziwa."

"Ungathe?"

Rashida anangomutsina m'nthiti, njinga n'kudzandira, onse awiri n'kuphulika kuseka.

* * *

M'holo ya bungwe munali makina asanu ndi amodzi opalasa ndi phazi, matebulo atatu, ndi simbi ziwiri zamakala zikufuka pakhomo. Rashida anapatsidwa kapepala kolembedwa 4 n'kukabaya pachifuwa. Neide anali ndi nambala 2, tsitsi atalukitsa kumene, milomo ili psuu. Atamuona Rashida anamwetulira ngati munthu amene watola chinthu panjira.

"Wamva amene akutiyesa?" ananong'ona. "Ndikanakhala iwe ndikanadwala mutu pompano."

"Mutu wanga uli bwino, zikomo."

"Ndingotsegula pakamwa kamodzi."

Asanamalize, Dona Rita analowa. Anali mayi wamfupi, woyenda mwachangu, magalasi akulendewera pachingwe, tepi yoyezera ili m'khosi. Rashida anaona nthawi yomweyo komwe Benedito anatengera maso ake.

"Madirinya!" anatero Neide kwa mayi wake wa ubatizo, akugwada monyadira kuti onse aone.

"Muno mulibe madirinya. Iwe ndiwe nambala 2. Khala pansi."

Anzake anayang'anana. Dona Rita analoza zenera lalikulu la kumadzulo.

"Zenera ndi ilo. Aliyense ayeze yekha, adule yekha, asoke katani imodzi ya foru. Nsalu ndakupatsani yokwanira, yapadera palibe. Ine ndiziyang'ana zonse, kuyambira momwe mukugwirira sizasi mpaka momwe mukusiyira malo anu. Dzuwa likafika pazeneralo, tipachika. Katani imanena yokha zoona ikapachikidwa."

Nsalu yapamwamba inali yobiriwira, ya maluwa achikasu akuluakulu, yobwera m'zidutswa ziwiri zofunika kulumikiza pakati. Foru inali yoyera, yotakata, chidutswa chimodzi. Rashida anayeza zenera kawiri, analemba pa kapepala, kenako anasolola ulusi umodzi m'mphepete mwa nsalu kuti apeze mzere woongoka wodulamo. Atadzutsa mutu anapeza Dona Rita ataima pambali pake.

"Nambala 4. Zenera ndi mita imodzi m'lifupi. Nsalu ikhale yotakata bwanji?"

"Mamita awiri, amayi, kuwonjezapo za mipendero. Ikachepa, katani imakhala ngati chinsalu chotchinga bafa, siigwa ndi mapindi."

"Nanga foru?"

"Ikhale yocheperako m'mbali, kuti nsalu yapamwamba ipindikire kumbuyo. Kunsi ikhale yofupikirapo ndi zala ziwiri, isasuzumire."

"Bwanji osangosokera limodzi mipendero yakunsi, ntchito ichepe?"

"Nsalu ziwirizi sizifota mofanana zikachapidwa. Mukazimanga pamodzi kunsi, ina imakoka inzake."

Dona Rita analemba kanthu pa pepala lawo osasintha nkhope. Rashida anapumira m'mwamba, natola mapini atatu n'kuwaluma pakamwa kuti ayambe kugwirizanitsa maluwa a zidutswa ziwiri zija.

"Lavula!" anakuwa Dona Rita.

Holo yonse inadzidzimuka.

"Pini si chakudya. Ukatsokomola ndikakupeza kuchipatala. Pamenepa ndakuchotsera."

"Pepani, amayi."

Neide anaseka mokweza dala. Rashida anamva nkhope ikutentha, koma anapitiriza ntchito. Analumikiza duwa ndi duwa, tsamba ndi tsamba, mpaka msoko wapakati unasowa m'maluwamo.

* * *

Masana anapatsidwa theka la ola. Rashida anapinda foru yake pakati bwinobwino, naisiya patebulo, n'kupita kuseri kwa holo kukaswali. Atamaliza anatsegula foni. Mauthenga anali atatu, onse a Benedito.

"Zikuyenda?"

"Ndaphunzitsa ana masamu olakwika chifukwa cha iwe."

"Yankha, mtima wanga ukuthawa."

Anayankha akumwetulira: "Andikalipira kale kamodzi. Ali ndi maso ako. Ndikuwaopa koma ndikuwakonda."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Iwonso akukonda, sakudziwa chabe."

Anabwerera m'holo ali wopepukidwa. Dona Rita anali panja kumwa tiyi ndi mkulu wa bungwe. Neide anali kale pamakina ake, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Rashida anatambasula foru yake, ndipo mpweya unamuthera.

Wina anali atalowetsa sizasi pomwe anapinda paja. Nsalu inali yodulidwa kuchokera kunsi kukwera m'mwamba, kutalika ngati mkono wathunthu.

Anayang'ana kwa Neide. Neide anakweza nsidze, kenako anatembenuzira maso kukhomo komwe kunali Dona Rita, n'kubwezanso kwa Rashida. Uthenga unali womveka: dandaula, nane ndiyankhule.

Rashida anagwira m'mphepete mwa tebulo. Nsalu yapadera panalibe. Chigamba chikanaonekera dzuwa likawomba kumbuyo, ndipo aliyense akanaona chilema chili pakati pa katani. Anaganiza za ngalawa ya bambo ake, za utsi wowamba nsomba, za njira yaitali ya ku Chiuta. Kenako maso ake anagwera pa nsalu yobiriwira ija, pa msoko wake wapakati.

Pakati. Wodulayo anadula pakati penipeni.

Anatola sizasi. Mnzake wa nambala 5, yemwe anali pafupi, anagwira pakamwa poona Rashida akupitiriza kudula pomwe panayambidwa paja mpaka kumwamba, foru n'kukhala zidutswa ziwiri.

"Wapenga?" ananong'ona mnzakeyo.

"Mwina."

Anakhala pamakina, phazi n'kuyamba kupalasa. Analumikiza zidutswazo ndi msoko wopyapyala, nausita ndi simbi mpaka unagona, kenako anauika ndendende kumbuyo kwa msoko wa nsalu yapamwamba. Foru inali itachepako pang'ono m'lifupi, choncho anapindira nsalu yobiriwira yochulukirapo kumbuyo mbali zonse ziwiri mofanana. Anasoka m'mbali, anatembenuza katani, anasita, anapinda ngodya zakunsi ndi singano yapamanja. Thukuta linali kutsikira m'khosi. Pamene ankadula ulusi womaliza, dzuwa linali litagunda zenera la kumadzulo.

"Manja pamwamba!" anatero Dona Rita.

* * *

Anapachika imodzi imodzi pa waya. Ya nambala 1 inali yabwino koma maluwa anasemphana. Itafika ya Neide, foru yoyera inasuzumira kunsi ngati mkanjo wam'kati wa munthu wovala mothamanga, ndipo mbali imodzi inali kukoka.

"Unayeza kangati?"

"Kamodzi, madiri... amayi. Nthawi inachepa."

"Nthawi inali yofanana kwa nonse. Unaithera kuti?"

Neide anayang'ana pansi.

Ya nambala 3 inadutsa. Kenako inafika ya Rashida. Dona Rita anaikoka pa waya, naisiya igwe yokha. Katani inatsika ndi mapindi ofanana kuyambira kumwamba mpaka kunsi, dzuwa likuwalitsa maluwa achikasu kuchokera kumbuyo. Panalibe chigamba, panalibe mthunzi wachilendo. Wina kumbuyo anati, "Eee, koma abale!"

Dona Rita anavala magalasi. Anayeza kunsi mbali iyi ndi iyo. Anagwira ngodya, naipinda, naisiya. Kenako anatembenuza katani kuti aone kumbuyo, ndipo chala chawo chinaima pa msoko wa foru.

"Ndinakupatsa foru yathunthu. Msoko uwu wachokera kuti?"

"Inadukapo, amayi."

"Unadula ndiwe?"

"Ndinaipeza choncho nditabwera kopuma."

"Ndani anachita?"

"Sindinamuone."

Dona Rita anayang'ana ophunzira onse mmodzi mmodzi, pang'onopang'ono. Maso awo anakhalitsa pa nambala 2, kenako anabwerera ku katani.

"Bwerani pafupi nonse muone. Kuntchito nsalu imang'ambika, imapsa ndi simbi, mwini wake ali pakhomo akudikira. Wosoka weniweni amaoneka pamenepo. Uyu wabisa msoko kumbuyo kwa unzake, moti dzuwa lenilenilo lalephera kumuulula. Ine ndinaphunzira zimenezi nditagwira ntchito zaka zisanu." Analemba pa pepala mwamphamvu, nasayina. "Nambala 4 wakhoza, ndipo waposa onse."

Anzake anaomba m'manja, wa nambala 5 analuluta. Rashida anagwira kumaso. Dona Rita anamugwira paphewa, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira.

"Manja amenewa anakupatsa ndani? Dzina lako ndani, mwanawe? Ndiwe mwana wa yani?"

Rashida anatsegula pakamwa, koma mawu anatulukira kwina.

"Ndi ujatu, madirinya!" anakuwa Neide. "Rashida wa ku Chiuta! Amene wamuzunguza mutu Benedito! M'mawa uno anabwera pa njinga yake, ndinawaona ndi maso angawa!"

Kunja kunamveka shapa, minibasi ya matola, ikuitana anthu a ku Entre Lagos. Dzanja la Dona Rita linachoka paphewa la Rashida pang'onopang'ono.

"N'zoona?"

"N'zoona, amayi. Ndine Rashida, mwana wa a Athumani."

"Unkadziwa kuti ndine ndani?"

"Ndinadziwa m'mawa uno."

"Ndipo unabwerabe."

"Ndinabwerera mayeso, amayi."

Dona Rita anayang'ana pepala lili m'manja mwawo nthawi yaitali. Neide anasendera pafupi, maso ali pa cholembera. Koma mayiwo anapinda pepalalo n'kulipereka kwa mkulu wa bungwe.

"Zomwe ndalemba ndalemba. Ine ndinaitanidwa kudzayesa makatani." Anatembenukira kwa Neide. "Iwe udzabwereza mwezi wa mawa. Ndipo madzulo ano ubwere kunyumba, tikakambe za sizasi."

Neide anatola chikwama chake n'kutuluka akulira, chitseko n'kuchimenyetsa.

* * *

Onse atabalalika, Rashida anatsala akusesa tizidutswa pansi pa makina ake. Mtima unali kuvina. Anali atalembera kale azakhali ake mawu amodzi okha, "Ndakhoza," ndipo kwa Benedito anatumiza, "Bwera pamango. Thamanga."

"Siya tsachelo, tiye undiperekeze," anatero Dona Rita ali pakhomo.

Anatuluka limodzi. Mayiwo anamugwira dzanja monga amachitira mayi ndi mwana wake pamsika, ndipo Rashida anamva ngati akuyenda m'mwamba.

"Sindinama, wandidabwitsa," anayamba Dona Rita. "Ndinkaganiza kuti ndiwe kamtsikana kongofuna mwamuna wa malipiro. Ndalakwa. Uli ndi mutu, uli ndi manja, ndipo sunamuneneze mnzako ngakhale unkamudziwa."

"Zikomo, amayi."

"Manja amenewa si a ku Insaca kuno. Ukasoka makatani a ku Entre Lagos, mwezi umodzi atha, kenako ubwerera ku zigamba za mayunifolomu. Ndili ndi mnzanga ku Nampula, ali ndi nyumba yosokera makatani a mahotela ndi maofesi. Makina amagetsi, antchito khumi ndi awiri. Wakhala akundipempha mtsikana wodalirika woti amuphunzitse zonse, adzakhale wachiwiri wake. Pogona alipo, chakudya chilipo. Ndamuimbira uli mkati mosesa. Wavomera."

Rashida anaima. Nampula! Makina amagetsi! Zinthu zomwe ankangoziona pa foni ya mnzake.

"Amayi, ine... sindikudziwa choti ndinene."

"Zaka zitatu. Sitima inyamuka ku Cuamba Loweruka."

"Zaka zitatu?"

"Osabwerabwera kuno. Ntchito imeneyo siifuna mtima wogawika." Dona Rita anafinya dzanja lake, mawu awo ali ofatsa ndithu. "Ndikuuze ngati mayi. Ndakulemekeza lero, koma pa za mwana wanga sindinasinthe. Kwanu sadzalola kuti usiye chipembedzo chako, ine sindidzalola kuti iye asiye chake. Mudzangovutika nonse awiri. Ndikukupatsa chinthu chomwe Benedito sangakupatse. Undiyankhe pofika Lachinayi."

"Ndikambe naye kaye."

"Ayi. Ukamuuza, adzabwera kudzandilirira, ndipo ine ndidzadziwa kuti wasankha. Malowo ndidzapereka kwa wina tsiku lomwelo. Iyi ndi nkhani ya iwe ndi ine."

Anamusisita patsaya, naimitsa shapa ndi dzanja, n'kukwera osacheukanso.

Rashida anatsala chiimire m'mphepete mwa msewu, fumbi likumugwera m'mapazi. Belu la njinga linalira mopenga kuchokera kumtengo wa mango. Benedito anabwera akupalasa choimirira, bata ikuuluka kumbuyo, nkhope yonse ili mano okhaokha. Anagwetsa njinga pansi.

"Ndaona! Ndaona ndi maso anga! Amayi akugwira dzanja! Akusisita patsaya!" Anatembenukira kwa amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu n'kufuula, "Wakhoza! Waposa onse!"

"Dito, anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane! Rashida, zatheka. Sindidikiranso. Loweruka lomweli ndikutuma amalume ku Chiuta akaonane ndi bambo ako. Ndawaimbira kale, akuti njinga yamoto ilipo." Anamugwira manja onse awiri, akupuma mothamanga. "Tandiuza, mwakambirana chiyani nthawi yonse ija? Anena chiyani za ife?"

Rashida anayang'ana maso aja, ofanana ndi amene anali atangomuyang'ana kumene.

"Angoyamikira katani," anatero.

"Basi?"

"Basi."

Benedito anaseka, nadzutsa njinga, napukuta kaliyala ndi mkono wa bata yake.

"Kwera, mkazi wanga wa mawa. Loweruka likuchedwa."